Nkhokwe ya Zinyalala

Chitini chija chinali cha mafuta ophikira amene tinkalandira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Mafuta atatha agogo sanachitaye. Anachimanga m'kapulana, chitenje chawo, pamodzi ndi mphika, mkeka ndi khasu latsopano limene anatipatsa pokwera lole yotibwezera kwathu. Zilembo zake zinali zitafufutika, mbali imodzi inali yopindika, ndipo pambuyo pake pansi pake panadzakhala timabowo tokhomedwa ndi msomali. Ndinkachiviika m'ndowa n'kuchikweza msangamsanga pamwamba pa mbande, madzi n'kumagwa ngati mvula yowaza. Mpaka lero ndikamva fungo la dothi louma limene langothiridwa madzi, chala changa chimakumbukira waya wa chogwirira chake, mmene unkachekera.

Kwathu ndi pakati pa Mandimba ndi Ngauma, kumene msewu umakwera n'kusiya dambo kumanzere. Ine ndinkati kwathu chifukwa akuluakulu ankatero. Ndinachokako ndili kumsana, ndinabwererako mano akutsogolo atangomera kachiwiri. Bambo anatsala m'nkhondo. Mayi anatsala ku Malawi, kumanda a kumsasa, chaka cha kolera. Amene tinatsika lole ija pa banja lathu tinali awiri, agogo ndi ine.

Nyumba sitinapeze ndi imodzi yomwe. Anthu ankazindikira malo awo ndi mitengo ya mango. Kuseri kwa mitengoyo kunali miyala yopakidwa utoto wofiira, yondandalikidwa m'mbali mwa njira, ndipo mwana aliyense ankadziwa lamulo lake asanadziwe njira ya kumadzi: kupitirira mwala wofiira n'kuponda bomba lokwirira. Munda wa agogo unali kuseri kwa miyalayo. Tinkauona, udzu wake ukuwerama ndi mphepo, koma sitikanatha kuulima. Chimene chinatitsalira chinali bwalo la nyumba ndi kachigawo kotsetserekera kumtsinje, kumene mapazi a anthu ndi a mbuzi anali atapondaponda kale.

Anansi anatimangira kanyumba, natilukiranso nkhokwe, poti mudzi wopanda nkhokwe suoneka mudzi. Agogo anathokoza, kenako anakhala pansi pakhonde. Ndikati anakhala pansi ndikunena miyezi. Ankaphika, ankasesa, ankatola nkhuni, koma zonse ankachita ngati mlendo amene akudikira kuti galimoto imupeze. Sankanena nthano, sankaimba, sankandikalipira n'komwe. Tsiku limene anatigawira mbewu ya nyemba ndi chimanga, anaitsanulira m'beseni, natsuka mankhwala ake ofiira mpaka madzi anayera, naiphika. Ena anachitanso zimenezo chifukwa cha njala, koma ife ufa wa thandizo tinali nawo. Mayi wina woyandikana nafe atafunsa, agogo anangoti, "Amabzala ndi amene adzakolole."

Amalume ankanyamula katundu kusiteshoni ya sitima ku Cuamba. Anabwera kwathu pamene anzathu anali atangomaliza kukolola tochepa timene anapeza. Anasuzumira m'nkhokwe, anamva za mbewu yophikidwa ija, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mayi awo. Ndinali kuseri kwa chitseko, monga mwa chizolowezi changa, pamene ananena mawu amene ndinawanyamula chilimwe chonse.

"Ufa wa thandizo ukutha, amayi. Kuli banja lina la sitolo likufuna kamtsikana kolera mwana. Akadyako bwino. Ndidzabwera mvula yoyamba ikagwa, ndikadzapeza zili chonchi ndidzamutenga."

Ndinadikira kuti agogo akane. Anati, "Mwini mbumba ndiwe."

Kwa zaka zambiri ndinkawaona amalume ngati munthu wouma mtima. Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili tsiku limenelo, ndipo ndikudziwa kuti mwana wa mlongo wako sungamusiye m'manja mwa munthu amene wasiya kuyembekeza mawa. Koma panthawiyo ndinangomva chinthu chimodzi: mvula ikagwa, ndidzasiyana ndi munthu yekhayo pafupi nane amene ankadziwa nkhope ya mayi anga.

Aphunzitsi a dimba anafika mphepo ya Juni itayamba. Analipo angapo m'boma lathu, ena a kutchalitchi, ena a kumzikiti, alimi wamba amene anadzipereka kuyenda m'midzi ya obwerera popanda malipiro. Amene anagwera mudzi wathu anali mayi wamfupi, wa ku Lúrio kwawo koma wokhala ku Mandimba, wokwera njinga yachimuna imene anamangirirapo khasu. Anali Mmakhuwa, ndipo Chinyanja chawo chinkatiseketsa ana. Dimba ankati timpa. Dzina lakuti aphunzitsi ankalikana, amvekere, "Ine mlimi mnzanu basi," koma linawakanirira.

Pamsonkhano woyamba pansi pa mango abambo a m'mudzi anafunsa funso limodzi lokha: "Adubu mwabwera naye?" Ku Malawi anali ataona chimanga cha feteleza, amene kuno timati adubu, ndipo ankakhulupirira kuti popanda thumba loyera lija dothi silibala. Aphunzitsi anati alibe. Theka la anthu linanyamuka. Aphunzitsiwo sanakhumudwe, anangoloza utsi umene unkafuka kuseri kwa nyumba ina, kumene mayi wina ankawotcha zosesa.

"Adubu wanu ndi uyo mukumuwotchayo."

Agogo sanapite kumsonkhanoko. Ndinapita ndine, ndipo anthu atabalalika ndinatsalabe nditaima pafupi ndi njinga. Aphunzitsi anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinangoyamba kuyenda, iwo n'kunditsata akukankha njinga yawo.

Tinapeza agogo atapita kunkhuni. Aphunzitsi anayang'ana bwalo lathu, anasankha pamthunzi pambali pa nyumba, nalemba pansi ndi khasu malire a dzenje la manyowa, monga ankakumbira kwawo: lalitali, lopapatiza, la makona anayi. Iwo ankakumba, ine ndinkachotsa dothi ndi mbale. Dothi lofiira linaunjikana mbali imodzi. Ndinkasangalala. Kanali koyamba chibwerere kuti pakhomo pathu pamveke khasu.

Ndinamva mtolo wa nkhuni ukugwa kumbuyo kwanga. Agogo anali ataima, manja ali m'mutu.

"Mukukumbira ndani?"

Mawu amenewo sanali a agogo amene ndinkawadziwa. Anatuluka aakulu, osweka, mpaka nkhuku za anansi zinathawa. Aphunzitsi anayesa kufotokoza za masamba ndi phulusa, koma agogo anawadula.

"Pakhomo pano tatsala awiri. Sankhani, mayi, mwakumbira uti? Dzenje lokumbiratu silikhala lopanda kanthu."

Zimene agogo ankaona m'dzenje limenelo ndinadzazimva nditakula. Chaka cha kolera kumsasa, anthu ankafa mofulumira kuposa mmene adzukulu akanakumbira, choncho manda ankakumbiratu, mzere wathunthu, n'kumadikira. Njira yopita kutenti ya odwala inkadutsa pomwepo. Agogo anadutsa ndi mwana wawo wamkazi, mayi anga, ali pamachira, akupenya, ndipo onse awiri anawaona maenje aja.

Aphunzitsi sanadziwe zimenezo, koma anayang'ana dzenje lawo kachiwiri ndipo nkhope yawo inasintha. Sananene kuti ndi zikhulupiriro chabe. Anagwada n'kuyamba kubwezera dothi ndi manja.

"Osakwirira lopanda kanthu," agogo anatero.

Mwambo wake ndi wakuti manda akakumbidwa koma osaikamo munthu, mumagonekamo thunthu la nthochi kuti dzenjelo lisafunenso wina. Aphunzitsi anapita okha kumtsinje, anadula thunthu, analisenza paphewa madzi ake akuwadonthera m'bulauzi, analigoneka bwinobwino, nakwirira, napondaponda. Atatha anapepesa atagwada, anakwera njinga n'kumapita. Ndinadziwa kuti sadzabweranso, ndipo usiku ndisanagone ndinayamba kuganiza za mwana wa eni sitolo amene ndikamubereke.

Anabweranso sabata yotsatira. Ulendo uno anasiya khasu panjinga, anaodira, anakhala pamkeka n'kupereka moni wonse mpaka kumapeto kwake. Kenako anafunsa, ngati mwana wofunsa mayi ake, kuti manyowa angapangire pati posakhumudwitsa pakhomo. Anati akhoza kuunjika pamwamba osakumba. Agogo anati mulu wautali ndi mthumbira womwewo. Ndiyeno agogo analoza ndi mlomo nkhokwe yathu yopanda kanthu ija.

"Chozungulira sichiitana munthu. Tengani iyo, ikungondichititsa manyazi."

Tinaitsitsa pamiyala yake, tinachotsa pansi pake, tinaikhazika padothi. Aphunzitsi anandionetsa kayalidwe kake. Pansi mapesi ndi udzu wouma, pamwamba pake masamba aawisi, kenako zitosi, kaphulusa pang'ono, dothi la pachulu, madzi, n'kuyambiranso. Pakati anazikapo ndodo yaitali. Ndi tsiku lomwelo pamene anatenga chitini chathu cha mafuta n'kuchiboola ndi msomali ndi mwala, nandipatsa m'manja.

"Mvula ya pakhomo pano ndiwe."

Zitosi ndizo zinavuta, poti nkhondo inadya ziweto. Bambo wina wachiyawo amene anabwera ndi mbuzi zake kuchokera ku Malawi anandilola kusesa m'khola mwake, akuseka kuti sanaonepo mlendo wodzapempha zimenezo. Zina tinkazitenga m'kantina yakale ya pamsewu, sitolo imene inapsa theka n'kusanduka nyumba ya mileme. Fungo la mmenemo linkalasa m'maso. Pansi panali pofewa ngati ufa wakuda, pamwamba mileme ikulira tsitsitsi, ndipo aphunzitsi ankayenda patsogolo nthawi zonse, akundiuza kuti ndiziponda pamene aponda iwo.

Mudzi unapeza choseka. Amayi opita kumadzi ankafuula ali panjira: "Agogo, mwakolola chaka chino! Nkhokwe yadzaza mpaka pakamwa!" Wina ankati, "Mutigaireko nsengwa imodzi ya zinyalala, alendo atipeza." Ine ndinkapsa mtima. Koma ndinaona kuti zosesa za pabwalo agogo asiya kuwotcha.

M'mawa wina wozizira aphunzitsi anazula ndodo ija n'kuipereka kwa agogo. Inkafuka nthunzi. Agogo anaigwira, anaisiya msanga, anaigwiranso ndi manja onse awiri monga munthu wowotha moto.

"Chikupuma," anatero.

Kuyambira pamenepo ankapita okha kukazula ndodoyo m'mawa uliwonse. Tsiku lotembenuza manyowa anandilanda khasu, amvekere ndikuseweretsa ntchito. Anayambanso kukangana ndi aphunzitsi, ndipo ine, amene ndinali ndisanawamvepo akukangana ndi munthu chifukwa cha chinthu cha mawa, ndinkamvetsera ngati nyimbo. Ankatsutsana za phulusa, za mthunzi wa mbande, za kutalikirana kwa mapando. "Inu a ku Lúrio, timpa lanu ili mwalipendeketsa," agogo ankatero powayeseza. Aphunzitsi ankabweza: "Inu a ku Malawi khasu munaliiwala, manja anazolowera kulandira." Mawu amenewo akanachokera kwa wina akanakhala chipongwe. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

Manyowa atapsa anali akuda, ofumbutuka m'manja, onunkhira ngati m'nkhalango mvula itangokata. Zitosi, mapesi, masamba, palibe chimene chinkazindikirikanso. Tinawasenza pamutu kupita nawo kukachigawo ka kumtsinje, kumene tinakonza makanteru, amene ku Malawi tinkati mabedi. Mbewu zinachokera m'dimba la aphunzitsi eni ake, zomangidwa m'timfundo ta nsalu: mpiru, bonongwe, therere, matimati, ndi mbande za kove, ndiwo zamasamba zonga kabichi, zokulungidwa m'tsamba la nthochi. Sanafune kanthu. Anangoti tikadzakhala ndi zathu tidzapatseko wina, osati iwo.

Chilimwe chimenecho ndinachithera pakati pa mtsinje ndi makanteru. M'mawa madzi ankazizira mpaka zala kuuma, madzulo dothi linkatentha kumapazi. Nsabwe zitagwira mpiru tinasinja tsabola ndi fodya wa labu, tinaviika m'madzi, n'kuwaza ndi kanthambi. Ndinadzitikita m'maso mosadziwa ndipo ndinalira mpaka agogo anandimiza nkhope m'ndowa, akundikalipira. Kukalipirako ndinakukonda. Ndiwo zoyamba tinadya tokha. Pambuyo pake agogo ankamanga mitolo n'kukhala nayo pamsewu, kusinthanitsa ndi makaka kapena matemba ouma kwa anthu a njinga ochokera ku nyanja ya Chiuta. Amayi oseka aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ngati wangodutsa, kudzafunsa kuti phulusa limathiridwa lochuluka bwanji. Abambo ena sanasinthe maganizo, anadikirabe thumba loyera.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinagwirizane nacho. Aphunzitsi anayenda m'makanteru ndi tinsanza, namangirira pa mpiru wonenepa koposa, pa bonongwe wamtali, pa therere lobala bwino. Zimenezo, anati, si zathu, ndi za chaka chamawa. Ine ndinkaona masamba aakulu ngati makutu a njovu akungokalamba, pamene ufa wa thandizo unali utatha ndipo tinkadya kamodzi. Tsiku lina ndinatambasula dzanja kuti ndithyoleko. Agogo anandimenya pamsana pa dzanja ndi kamtengo.

"Siya. Sukuona nsanza?"

Mpiru unatulutsa maluwa achikasu, njuchi zinabwera, timakoko tinauma. Agogo anapuntha palichero, anapeta mosamala ndi mpweya wa pakamwa, anasakaniza ndi phulusa, namanga mtundu uliwonse m'kamfundo kake. Anang'amba ngakhale m'mphepete mwa kapulana yawo yabwino. Timfundoto anatipachika kudenga, pamene utsi umafika, kuti anankafumbwe asalowe.

Mvula yoyamba inagwa masana, yaukali, yonunkhira fumbi. Anzanga ankavina pabwalo. Ine ndinathamangira kudimba, ndipo mtima unagwa. Dzuwa la Okutobala linali litawamba kove, matimati anali atatha, mpiru wotsala unali mapesi okhaokha. Amalume akanabwera mwezi umodzi m'mbuyomo akanaona zobiriwira. Tsopano panalibe choonetsa. Ndinachapa diresi langa n'kuliyanika, kuti ndisadzapite kwa eni sitolo ndili wauve.

Amalume anafika patapita masiku ochepa. Anatsikira kumtsinje, ine ndikuwatsata patali. Anayang'ana makanteru, anatola dothi lakuda n'kulifikisa, nanena chapansipansi kuti masamba sadutsitsa munthu dzinja. Anasuzumira m'nkhokwe, mmene tinali titayalamo zinyalala zatsopano, napukusa mutu. Kenako anawerama kulowa m'nyumba, ndipo powongoka mutu wawo unagunda timfundo tija, tinayamba kulendewera.

"Izi n'chiyani, amayi?"

"Mbewu. Chotsa mutu wakowo, undithyolera."

"Mbewu za liti?"

"Iwe, unabadwira m'sitima kodi? Mbewu amasungira liti?"

Amalume anavula chipewa. Agogo sanawapatse mpata. Anawauza kuti ochotsa mabomba adutsa, miyala ya m'munsi mwa munda aipaka utoto woyera, ndipo pali ndime imene tingalime. Anati chimanga cha makolo apempha kale kwa bambo wa mbuzi uja, manyowa otsala alipo, dzanja limodzi paphando lililonse, koma msana wawo sungathe kusenza zonsezo. "Wazolowera matumba a eni. Senzako a mayi ako."

Amalume anakhala nafe mpaka tinabzala. Tsiku lobwerera ku Cuamba sanatchule za sitolo. Anandigwira pamutu n'kunena kuti sukulu ya pansi pa mango ikatsegulidwa ndikalembetse. Diresi lija ndinalivala tsiku loyamba la sukulu.

Sindinganame kuti dimba linatipulumutsa ku njala. Dzinja limenelo linali lowawa, ndipo chimene chinatifikitsa kumasika ndi chimanga chimene amalume ankatumiza pa malole. Aphunzitsi nawo anayamba kubwera mwa apo ndi apo, poti anali atatsegula midzi ina cha ku Ngauma, kenako anasiyiratu. Sindikukumbuka tsiku lotsanzikana, mwina panalibe. Dzina lawo lenileni sindinalidziwe. Ndafunsapo ku Mandimba ndili wamkulu, anthu amati odzipereka aja analipo ambiri, ena anabwerera kwawo. Chimene ndimawathokozera koposa si manyowa ayi. Ndi thunthu la nthochi lija, ndi kubweranso kwawo sabata yotsatira khasu atalisiya panjinga. Agogo anakhala ndi moyo mpaka anaona mwana wanga woyamba. Mpiru umene uli kuseri kwa nyumba yanga lero ndi mdzukulu wa womangidwa nsanza uja, ndipo manyowa anga ndimapangira m'chozungulira, ngakhale alangizi a masiku ano amandifunsa chifukwa chake.

Koma madzulo a tsiku limene amalume anagunda timfundo ndi mutu, zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkaganiza kuti mlandu wanga uli m'makanteru, kuti amalume akuyeza masamba, ndipo akapezeka ochepa ndipita. Ndinatenga chitini changa n'kuthamangira kumtsinje. Ndinathirira mapesi ouma a mpiru, ndinathirira kove wowambuka, padothi limene mvula inali itanyowetsa kale, ulendo ndi ulendo mpaka waya unandicheka chala, kuti mwina pofika m'mawa pangaphuke kanthu kowasintha maganizo. Pobwera ndinawapeza amalume ataimabe pakhomo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana kudenga. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu angayang'ane chiyani nthawi yonseyo pa tinsanza tothimbirira ndi utsi, mmene simungatuluke ngakhale ndiwo za tsiku limodzi.